Beseni Lobiriwira

Ndinabwera nalo beseni lobiriwira,
lomwe lija la chaka chatha,
nditalimangirira ndi mphira pa keliyala
kuchoka ku Bembeke mpaka pa Boma la Dedza,
Lekeleni ali pa felemu, atamira mu jekete yanga,
chifunga chitameza phiri lonse
kusiya tsinde lokha.

Mwana wanga anabadwa ndi maso osamvana.
Lina likandiyang'ana ine,
linzake limakhala likuwerenga mapiri a ku Mozambiki.
Chaka chatha anawongola lamanzere.
Opaleshoni inayenda bwino, anatero,
koma usiku wake sanauone iwo, ndinauona ine.
Analowa mu fiyeta akukuwa, atandigwira kolala,
batani langa linapita naye m'dzanja.
Atadzuka anasanza.
Anasanza madzi, anasanza ndulu,
kenako ankangosanza mphepo,
ine dzanja pa chipumi, maso pa bandeji,
kuopa kuti ulusi wa m'diso uduka
ndi kudzikoka konseko.
Ndinatsuka beseni kasanu ndi kawiri pa mpopi wozizira
mpaka zala zinaiwala kuti ndi zanga.

Ndiye lero, tsiku la diso lamanja,
ndinaliika pansi pa bedi nambala naini
monga munthu wodziwa kale mathero a nkhani.

A Kamtsitsi, ogonetsa anthu,
anabwera ndi magalasi omangidwa ndi waya mbali imodzi.
Anandifunsa za chaka chatha, ndinawauza.
Anafunsa ngati mwanayu amasanza mu minibasi.
Ndinati ngakhale pa ngolo.
Anafunsa wadya liti, anamuyeza pa sikelo,
analemba, anawerengera pa chikhato,
kenako anatulutsa sirinji yopanda singano
ya timadzi tochepa, tosadzaza ndi supuni yomwe.

Anati, awa si ogonetsa enieni aja,
awa ndi okhazika mtima pansi asanalowe.
Mantha nawo amavundula m'mimba, bambo,
ndipo diso likakokedwa, mimba imamva.
Sindikulonjezani kuti sasanza.
Ndikungofuna kuti mseru umupeze atatseka chitseko.
Mkatimo tiwonjezera ena pa diripi.
Beseni lanulo lisapite patali.

Lekeleni anameza, anakwinya nkhope, anati akuwawa.
Patapita kanthawi mapewa ake anatsika.
Anaseka nyali ya kudenga.
Anandiuza kuti ndili ndi makutu ngati a mbuzi ya kwa Nasiyaya.
Atabwera ndi machira a matayala
anandisiya dzanja yekha,
ngati akupita kukatunga madzi.
Kolala yanga inatsala ndi mabatani onse.

Ndinakhala pa benchi. Ndinawerenga njerwa.
Ndinamva magalimoto a mbatata akubuula pa msewu waukulu.
Ndinapemphera theka, theka lina ndinaiwala mawu.

Anamubweza dzuwa litapendeka,
diso lili mu thonje, milomo youma.
Namwino ankabwerabwera kudzamva mpweya wake,
kuyang'ana kachipangizo kothwanima pa chala.
Ine beseni pa maondo, kudikira.
Anayasamula. Ndinalisendeza.
Anameza mate kawiri, nkhope inatuwa,
ndinati basi, zayamba,
koma anangobzikula pang'ono, n'kugonanso.
Pa bedi la pafupi mnyamata wina anasanza kamodzi,
mayi ake analibe kanthu, ndinawabwereka langa.
Ndinalitsuka kamodzi kokha usiku wonse,
ndipo sanali masanzi a mwana wanga.

M'mamawa, tambala wa ku nyumba za apolisi atalira,
ndinamva chala chikundikanda pa mkono.
Ababa, njala.
Ndinati namwino wati madzi kaye, pang'onopang'ono.
Anati chabwino, koma kenako tchipisi cha pa chiwaya,
chothira tsabola.

Potuluka a Kamtsitsi sindinawapeze,
anali mkati, akugonetsa mwana wa munthu wina.
Ndinasiya zikomo wanga kwa mlonda wa pa geti,
kaya anafika.

Beseni lija tinabwerera nalo ku Bembeke
litadzaza tomato wa pa msika,
Lekeleni pa felemu, diso limodzi lotseka,
akundiwerengera mitengo ya paini ndi linalo.